Mafuta a nyama, gogodela ndi mphika: mafunso ndi mayankho

Ku America kuli alenje amene mpaka lero amayenga mafuta a chimbalangondo, ena n'kupaka mfuti zawo zachikale, otsala n'kukazingira chakudya. Kuno kwathu chimbalangondo kulibe, koma mfuti yachikaleyo si yachilendo. Ndi gogodela, imene inkalira m'chidikha cha Kasungu zigafa ndi mabani a fodya zisanamangidwe, ndipo mpaka pano imamvekabe usiku m'mbali mwa nkhalango. Mafuta a nyama nawo tinkawadziwa, tinkawasamalanso kwambiri chifukwa anali osowa. Maganizo anga sindibisa: nthawi ya gogodela inatha ndipo isabwererenso, koma luso loyenga mafuta ndi lofunika kulitola pamene tinalitaya.

Kodi chimbalangondo n'chiyani, ndipo mafuta ake atchukiranji chotere?

Ambirife dzinali tinalimva koyamba kutchalitchi, pa nkhani ya Davide ali mnyamata woweta nkhosa za bambo ake. Ndi chilombo chachikulu chaubweya wambiri chimene chimapezeka ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Mu Africa muno munali mtundu umodzi wokha, kumapiri a Atlas kumpoto kwenikweni, ndipo unatha kalekale.

Chimanona chifukwa cha kuzizira kwa kwawoko. Chisanu chikayandikira chimadya usana ndi usiku, zipatso, mtedza wa m'mitengo, uchi, nsomba, kenako n'kulowa kuphanga kukagona miyezi ingapo osalawa kanthu, thupi likudya mafuta aja. Aliyense amene anakumbako mbewa chimanga chitakololedwa amamudziwa kapuku, uja timam'peza ali phee kuuna m'miyezi yozizira, thupi lonse lili mafuta okhaokha. Chimbalangondo chimachita zomwezo, kungoti icho chimatha kulemera makilogalamu oposa 200. Mlenje akachipha chisanagone amapeza mafuta odzaza ndowa.

Mafutawo akayengedwa sauma gwa. Amakhala ofewa, pena amadzimadzi, ndipo fungo lake limatsata zimene chilombocho chinkadya: chodya zipatso mafuta ake ndi abwino, chodya nsomba amanunkha nsomba. Eni nthaka a ku America ankadzola ndi kuphikira. Azungu atafika anatengera. Gulu la Lewis ndi Clark, limene linadutsa dzikolo mpaka kunyanja ya kumadzulo pakati pa 1804 ndi 1806, linkayenga mafutawa panjira n'kumasunga. Alenje a ku Arkansas ankawatumiza pamtsinje kukagulitsa ku New Orleans, ndipo ku England ankagulidwa ngati mafuta odzola kumutu.

Mfuti ndi mafuta a nyama zikukhudzana bwanji?

Gogodela imadyera kukamwa. Mlenje amaiimika thako lili pansi, n'kuthira onga, kenako kansanza kotsekera, kenako chipolopolo, n'kusindikiza zonse ndi kachitsulo katali mpaka zitafika pansi. Moto umalowera pakabowo kakang'ono chakuthako. Pa mfuti zakale kwambiri unkachokera ku mwala wothetheka, pa zam'mbuyo mwake ku kakapu kamkuwa kamene kamaphulika kakamenyedwa.

Vuto lili pa onga. Onga wakuda wachikale sapsa n'kutheratu. Pafupifupi theka lake limasanduka utsi wokhuthala ndi mwaye, ndipo mwayewo umamatirira m'mimba mwa mfuti. Mukaombera kangapo, chipolopolo chimayamba kukanirira panjira. Choopsa kwambiri n'chakuti mwayewo uli ndi mchere wake umene umakoka chinyezi. M'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, mfuti yoomberedwa madzulo n'kuigoneka osatsuka imadzuka itayamba dzimbiri, ndipo dzimbiri la m'kati ndi limene limadya chitsulo mpaka tsiku lina mfuti n'kuphulikira mwini wake.

Apa ndi pamene mafuta amalowera. Amafewetsa mwaye kuti usaume, amatchinga chitsulo kuti chinyezi chisachikhudze, amatetezanso mtengo wa mfuti kuti usang'ambike ndi dzuwa la Okutobala. Alenje a ku America anali ndi ntchito inanso yapadera. Mfuti zawo zinali ndi mizere yozungulira m'kati, ndiye ankakulunga chipolopolo chamtovu m'kansalu konyowetsa ndi mafuta a chimbalangondo kuti chilowe mothina koma moterera. Kansaluko kankagwira mizere ija, chipolopolo n'kutuluka chikuzungulira, n'kupita molunjika patali. Mfuti zambiri zimene zinkabwera kuno zinali zosalala m'kati, ndipo zipolopolo zake kawirikawiri zinali zidutswa za chitsulo zosulidwa ndi amisiri a m'mudzi. Kwa mlenje wa kuno, ntchito yaikulu ya mafuta inali kulimbana ndi dzimbiri.

Ndondomeko yake sinasinthe kulikonse kumene mfutizi zinafika: kutsuka ndi madzi otentha poyamba, kuumitsa bwinobwino, mafuta pomaliza. Wopaka mafuta pamwamba pa mwaye amangotsekera chinyezi m'kati.

Bwanji osangothira oyilo wa galimoto, poti masiku ano ali ponseponse?

Oyilo wochokera ku mafuta apansi panthaka sagwirizana ndi onga wakuda. Akapsera limodzi ndi mwaye amasanduka chinthu chakuda chomata, chovuta kuchotsa. Mafuta a nyama ndi a zomera sachita zimenezo. N'chifukwa chake ku United States, kumene kuombera mfuti zachikale ndi masewera ololedwa ndi lamulo, ndipo bungwe lawo la National Muzzle Loading Rifle Association lakhalapo kuyambira 1933, ambiri amasakanizabe mafuta a nkhosa kapena a chimbalangondo ndi phula la njuchi. Phula limalimbitsa mafutawo kuti asasungunuke kukatentha. Lamulo lawo limodzi ndi loti mafuta opaka chitsulo asakhale othira mchere, chifukwa mchere ndiwo umaitana dzimbiri.

Nanga gogodela inafika bwanji ku Kasungu?

Inabwera potsata minyanga ya njovu ndi anthu ogulitsidwa ukapolo. M'zaka za m'ma 1840, wamalonda Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo njira ya malonda yochokera kuchigwa cha Luangwa kupita kunyanja inkadutsa m'dziko la Mwase, mfumu ya ku Kasungu. Kuchokera ku Nkhotakota katundu ankaoloka nyanja pa zombo n'kulowera ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, onga ndi mfuti. Zambiri mwa mfutizo zinkasulidwa ku Birmingham ku England ndi ku Liège ku Belgium, zina zinali zotha ntchito zimene asilikali a ku Ulaya anazisiya atapeza zamakono. David Livingstone anadutsa kwa Mwase mu 1863, malondawa ali pachimake.

Mfuti zinam'patsa Mwase mphamvu zimene mafumu ambiri a Achewa analibe. Pamene midzi ina inkabalalika pothawa Angoni, anthu ake anaima m'malinga awo n'kubweza nkhondo. Dzina la Nguru ya Nawambe, pamalo pamene Dr. Kamuzu Banda anadzamanga nyumba yake, limakumbutsa nkhondo zimenezo. Tisaiwale mbali inayo. Onga sunali waulere. Unkagulidwa ndi minyanga, ndipo minyangayo inkanyamulidwa ndi anthu amene ambiri a iwo sanaonenso kwawo. Gogodela imene inateteza mudzi wina ndi yomweyo inapasula mudzi winanso.

Mathero a mphamvu za Mwase anafika mu Disembala 1895. Asilikali a boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Edward Alston ndi Alfred Swann, ananyamuka ku Nkhotakota kudzathira nkhondo Mwase Chibisa. Asilikaliwo anali ndi mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo, zimene munthu amaombera kangapo mwini gogodela asanamalize kusindikiza onga. Linga linagwa, ndipo Mwase anadzipha yekha osalola kugwidwa. Pamalopo atsamunda anamanga boma lawo n'kulitcha Fort Alston.

Chodabwitsa n'chakuti gogodela sinathere pomwepo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya mpata wa mfuti zachikale zosalala m'kati ndi onga wamba. Motero mfuti imene kwawo inali itatha ntchito, kuno inakhala mfuti ya munthu wakumudzi kwa zaka zina zambiri, yolembetsa kwa bwanamkubwa wa boma, yopirikitsira nguluwe ndi anyani kumunda.

Popanda chimbalangondo, mlenje wa kuno akanapeza kuti mafuta?

Funso limeneli ndi limene limandikoka mtima kwambiri, chifukwa yankho lake likutiuza mmene makolo athu ankakhalira. Nyama zathu zakutchire sizinona kwenikweni. Gwape, insa, mphalapala, ngakhale njati, nyama yake ndi minofu yokhayokha. Sizigona miyezi osadya, choncho sizikundika mafuta pansi pa chikopa. Mlenje amatha kusenda mphalapala yonse n'kungopeza timafuta pang'ono tokuta impso.

Zonona zinalipo zowerengeka. Ntchefu inali yokondedwa chifukwa cha mafuta a pachifuwa ndi okuta mtima. Njovu inkapereka mafuta a m'mimba ndi a m'mafupa. Koma yoposa zonse inali mvuu. Pansi pa chikopa chake, chija ankapangira chikoti, pali mafuta oyera amene akayengedwa amakhalitsa. Alenje a mvuu a m'mitsinje ya Luangwa ndi Zambezi ankadziwika kutali, ndipo azungu oyendayenda a nthawi imeneyo ankaphikira mafuta a mvuu batala akawathera.

Kumudzi kunali nkhosa zathu zamchira wonona, zimene zimasunga mafuta kumchira ndi kumatako. Kunali nsatsi, zimene amayi ankakazinga, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba kuthira m'nsupa. Mafuta a nsatsi sadyedwa, koma ankadzola, kufewetsera zikopa ndi kukonzera anamwali pachinamwali. Kunalinso phula, pakuti nkhalango za mombo ndi tsamba za ku Kasungu ndi kwawo kwa njuchi.

Mukaika zonsezi pamodzi muona kuti mafuta anali chuma. Kadontho kamene kapita pa chitsulo cha mfuti ndi kamene kachotsedwa pakhungu la mwana kapena mumphika wa ndiwo. Nyama yonona inkapita kwa akuluakulu ndi kwa mlendo wolemekezeka. Tikamva agogo akuyamikira nyama kuti inali yonona, sikuti ankangokonda kukoma. Akukumbukira nthawi imene thupi linkalakalaka mafuta chaka chonse.

Ndinamva kuti mafuta opaka zipolopolo anayambitsapo nkhondo. N'zoona?

N'zoona, ngakhale kuti zifukwa za nkhondoyo zinali zambiri. Mu 1857 ku India, asilikali achimwenye amene ankagwira ntchito pansi pa Angerezi anapatsidwa mfuti yatsopano ya Enfield, nayonso yodyera kukamwa. Onga ndi chipolopolo zinkabwera zitakulungidwa m'kapepala kopaka mafuta, ndipo msilikali ankayenera kuluma kapepalako ndi mano kuti athire onga. Mbiri inawanda yoti mafutawo anali a ng'ombe ndi a nkhumba. Kwa Mhindu ng'ombe ndi yopatulika, kwa Msilamu nkhumba ndi yodetsedwa. Asilikali anakana, ena anamangidwa, ndipo pa 10 Meyi 1857 anzawo ku Meerut anaukira. Nkhondo inafalikira kumpoto kwa India konse, anthu ochuluka zedi n'kufa.

Nkhaniyi si yakutali monga ikumvekera. India yemweyo ndi kumene boma la atsamunda kuno linatenga asilikali a mtundu wa Sikh kuyambira 1891, ndipo ena a iwo anali nawo pa nkhondo yogwetsa linga la Mwase.

Tibwere kumphika. Makolo athu ankakazingira mafuta a nyama?

Kukazinga ndi mafuta tsiku ndi tsiku n'kwatsopano. Ndiwo zathu zinali zowiritsa, zootcha, zofutsa ndi zotendera. Mafuta a m'chakudya ankachokera ku nsinjiro, ndipo Kasungu ndi dziko la mtedza kuyambira kale, dziko la chalimbana. Nkhwani wotendera, mfutso wotendera, phala lothira nsinjiro, ndiwo anali mafuta a anthu ambiri. Mvula yoyamba ikagwa kunkabwera ngumbi, zimene zimakazingika ndi mafuta ake omwe pa phale popanda kuthira kanthu.

Mafuta a m'botolo anadzalowa ndi masitolo ndi malipiro a pamwezi. M'badwo umene unakulira pa mafuta a Covo ndi Kazinga unazolowera kuti ndiwo zopanda mafuta ndi zaumphawi, ndipo lero mafuta ophikira akakwera mtengo nyumba zambiri zimagula oyeza pakasupuni, omanga m'tipepala. Pamene zili choncho, nkhumba ikaphedwa pa ukwati kapena pa chiliza, mafuta ake amangodulidwira mumphika limodzi ndi nyama, kudyedwa tsiku limodzi mpaka anthu kukhuta nawo, otsala kupatsa agalu. Izi zimandipweteka. Nkhumba imodzi yonona ili ndi mafuta okwanira kuphikira banja milungu ingapo, akanakhala kuti ayengedwa.

Ndiye amayenga bwanji? Tiuzeni mwatsatanetsatane.

Nthawi yabwino ndi miyezi yogulitsa fodya, kuyambira Epulo kufika Ogasiti, pamene ndalama zili m'matumba, ziweto zikuphedwa pa Chinkhoma, pa Santhe, pa Chamama, ndipo kunja kukuzizira. Pemphani wopha nyama akupatulireni mafuta tsiku lomwelo, asanagone. Abwino koposa ndi okuta impso ndi a m'mimba, oyera, ophwanyika mukawafinya. A pamsana nawo ndi abwino, koma muchotse chikopa. Chotsaninso timinofu tonse ndi magazi, chifukwa n'zimene zimaononga mafuta msanga.

Adulenidulenitu ting'onoting'ono. Ikani mumphika wokhuthala pansi, thiranimo madzi pafupifupi theka la kapu pa kilogalamu imodzi, n'kuteleka pa makala ochepa. Madziwo ntchito yake ndi kuteteza kuti mafuta asapserere asanayambe kusungunuka, ndipo amauma okha. Apa pamafunika kuleza mtima. Moto waukulu umapsereza, mafuta n'kuda, n'kuyamba kuwawa. Muzitakasa ndi mthiko pafupipafupi. Poyamba mumphika mumakhala phokoso, thovu lili pamwamba, mafuta ali mbuu. Pakapita ola limodzi kapena awiri phokoso limachepa, mafuta amayera mpaka kuona pansi pa mphika, tizidutswa tija titafota n'kufiirira. Thovu likasiya, madzi atha. Phulani pomwepo.

Akazizirako pang'ono, sefani ndi kansalu koyera kuthira m'botolo lagalasi lotsukidwa ndi louma bwino. Dontho limodzi la madzi m'botolomo ndi lokwanira kuyambitsa nkhungu. Tsekani, ikani pamalo ozizira ndi amdima. A nkhumba akazizira amakhala oyera ndi ofewa, a ng'ombe ndi a nkhosa amauma gwa. M'nyengo yozizira amakhala milungu ingapo, m'firiji miyezi. Potapa gwiritsani supuni youma. Akayamba fungo lachilendo kapena kusintha mtundu, asalowenso mumphika. Tizidutswa totsala pansalu paja musataye: wazani mchere, ana adyere nsima, kapena tiponyeni mu nyemba.

Chenjezo limodzi lisakupiteni. Mafuta akagwira moto, musathire madzi, chifukwa moto umalumpha n'kugwira denga. Vundikirani ndi chivundikiro kapena lata. Ndipo ana asayandikire mbaula mpaka mphika utazizira.

Kupatula kuphikira, angagwirenso ntchito yanji pakhomo pa mlimi?

Ntchito imene ankagwira pa gogodela ikadalipo, yangosintha chitsulo. Khasu, nkhwangwa, chikwanje, pulawo, zonsezi zimagona miyezi zikudya dzimbiri. Zitsukeni, ziumitseni, zipakeni mafuta opanda mchere pang'ono. Zingwe zachikopa za pagoli ndi nsapato zachikopa zimafewa nawo, makamaka mukasakaniza ndi phula. Amene amadziwa kupanga sopo amadziwanso kuti mafuta a ng'ombe amatulutsa sopo wolimba.

Pa jeke yodindira fodya samalani. Mutha kupaka pa chitsulo chozungulira, koma mafuta asakhudze tsamba kapena chiguduli. Fodya amakoka fungo msanga, ndipo belo lodetsedwa limabwezedwa kumsika, thukuta la chaka chonse n'kutsika mtengo. Kumbukiraninso kuti makoswe ndi agalu amatsata fungo la mafuta, choncho zingwe zopaka muzipachika m'mwamba.

Achipatala amati mafuta a nyama amadwalitsa. Tikhulupirire ziti?

Akhulupirireni, koma mumve bwino zimene akunena. Mafuta amene amauma akazizira, akachuluka m'thupi, amathandizira kutseka mitsempha ya magazi ndi kudwalitsa mtima. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta amtunduwu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. A ng'ombe ndi a nkhosa ali nawo ambiri, a nkhumba ocheperako. Munthu wa kuthamanga kwa magazi, wa shuga, kapena wonenepa wokhala pampando tsiku lonse, achepetse kwambiri ndipo atsate zimene adokotala ake anamuuza.

Koma mlimi amene walima mizere kuyambira tambala woyamba, n'kudya nsima ndi masamba owiritsa opanda kanthu, vuto lake si kuchuluka kwa mafuta. Supuni imodzi mumphika wa banja lonse imam'patsa mphamvu, imathandizanso thupi la mwana kutenga vitamini A wa m'masamba ndi m'maungu. Mafuta a m'sitolo ali ndi ubwino wake, pakuti amaikamo vitamini A kufakitale, choncho sindikunena kuti muwasiye. Ndikunena kuti oyenga pakhomo azithandizira pamene a m'botolo asowa. Amene ine ndimawaopa kwambiri ndi a pachiwaya, aja amakazingidwa mobwerezabwereza mpaka kuda bii.

Pali nkhani inanso ya ulemu. Abale athu Achisilamu ndi a mpingo wa Seventh Day Adventist sadya nkhumba. Ngati ndiwo mwathira mafuta a nkhumba, nenani mlendo asanasambe m'manja. Kubisa ndi kum'lakwira kwakukulu.

Nanga mafuta a mvuu kapena a nyama zina zakutchire, wina akabwera nawo kudzagulitsa?

Musagule. Chifukwa choyamba ndi thanzi lanu. Mvuu zimafa ndi matenda a anthrax, ndipo nyama yake imapatsira anthu. Mu 2011 m'boma la Chama ku Zambia, kutsidya kwa malire athuwa, mvuu zambiri zinafa mumtsinje wa Luangwa, ndipo anthu mazanamazana amene anasenda kapena kudya nyamayo anadwala, ena n'kumwalira. Mu 2018 matenda omwewa anapha mvuu ku Liwonde. Wogulitsa sadzakuuzani kuti nyamayo anaitola yofa kale.

Chachiwiri ndi lamulo. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Silisiyanitsa kwenikweni wopha ndi wosunga: kupezeka ndi nyama, chikopa kapena mafuta a nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu.

Chachitatu ndi chimene maso athu akuona. Mlenje wa nthawi ya Mwase ankasaka m'nkhalango yopanda malire. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anafalikira m'chidikha chonse, mitengo inagwa kuti papezeke minda, ina inathera m'mabani owotchera fodya. Nyama zinatsala m'malo amodzi, m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, ya makilomita oposa 2,300 m'bwalo lake, imene anthu anasamutsidwamo mu 1922 chifukwa cha matenda a kaodzera, n'kudzakhala paki mu 1970. Ngakhale mmenemo sizinapulumuke. Njovu zimene zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970 zinatsala pafupifupi 50 pofika 2015. Mvuu za padamu la Lifupa m'pakimo n'zowerengeka. Mafuta a m'botolo limodzi la wogulitsa uja achokera pa zochepa zomwezo.

Koma ife a m'malire mwa paki njovu zikutithera chimanga. Gogodela si ndiyo ingatiteteze?

Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo wolinyoza sanagonepo kumunda. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu. Kuchokera nthawi imeneyo midzi ya m'malire, kuno kwa Chulu ndi madera oyandikana nawo komanso kutsidya ku Zambia, yaona minda ikuphwasulidwa, nkhokwe zikugwetsedwa, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Banja limene lataya chimanga cha chaka chonse usiku umodzi liyenera kumvedwa ndi kuthandizidwa msanga. Mpanda wamagetsi uyenera kufika ponse pamene pali midzi, ndi kukonzedwa ukaduka. Zimenezi tiyenera kuzinena mokweza kwa mafumu, kwa aphungu ndi ku nthambi yoona za nyama zakutchire, osatopa.

Koma gogodela si yankho. Chipolopolo chake kawirikawiri sichipha njovu, chimangoilasa. Njovu imapita ndi chitsulo m'thupi, bala likuola, ndipo njovu yovulala ndi imene imadzapha mayi wopita kukatola nkhuni mawa lake. Mlenje ali ndi mpata umodzi wokha woombera; akaphonya, alibe nthawi yothiranso onga. Kuonjezera apo, gogodela zambiri za masiku ano si zija za ku Birmingham. Ndi zosula mobisa ndi mapaipi amene sanapangidwire moto wotere, ndipo zaphulitsa zala ndi maso a anthu ambiri. Kusula mfuti kapena kukhala nayo popanda chiphaso cha kupolisi ndi mlandu pawokha, ngakhale musanaphe kanthu. Bambo akamangidwa, munda uja umatsala ndi mayi ndi ana, njovu zikubwerabe.

Tapeza gogodela ya agogo itabisidwa kudenga. Tiipake mafuta n'kuisunga?

Choyamba, itengeni ngati yothira kale onga. Alenje ambiri ankasunga mfuti zawo zili zokonzeka, ndipo onga wakuda ukakhala pouma umatha kuphulika ngakhale patapita zaka makumimakumi. Musailoze kwa munthu, musasuzumire kukamwa kwake, musaiyandikize kumoto, musayese kuikhethemula, ndipo ana asaiseweretse.

Chachiwiri, dziwitsani a mfumu, ndipo mupite nawo limodzi kupolisi kukanena. Ndi bwino apolisi abwere kudzaitenga okha kusiyana n'kuti muyende nayo pamsewu. Ngati ndi yakale ndithu, yokhala ndi zidindo pachitsulo kapena mikombero yamkuwa, pemphani kuti a nthambi yosunga zinthu zakale adziwitsidwe. Kumalo osungirako zakale a Chichiri ku Blantyre ndi kumene zinthu zotere zimasamalidwa.

Mafuta a nyama musapake. Ndi abwino pa chida chimene chikugwira ntchito, chotsukidwa ndi kupakidwanso kawirikawiri. Pa chinthu chongosunga, m'kupita kwa zaka amaola, amadya mkuwa n'kuusiya wobiriwira, amaitananso tizilombo ku mtengo. Akatswiri osunga zakale amagwiritsa ntchito phula lapadera. Musaikwechenso ndi mchenga kapena sandipepa pofuna kuti iwale, chifukwa mungafafanize zidindo zimene zimanena kumene inasulidwa ndi nthawi yake. Ipukuteni fumbi ndi nsalu youma basi.

Isanachoke pakhomo, ijambuleni pafoni mbali zonse, makamaka pamene pali zilembo. Kenako khalani pansi ndi wamkulu amene watsala m'banjamo, mufunse kuti mwini wake anali yani, wa mudzi uti, anaipeza bwanji, ankasaka kuti, onga ankagula kwa yani, ndipo ankaipaka mafuta anji. Lembani mayankhowo papepala, lina lipite ndi mfutiyo, lina litsale m'banja.